Mvula ya mu Malichi, chifunga ndi masiku adzuwa: mmene mungayendetsere ntchito ndi uthenga wa zanyengo m'chigwa cha Shire

Malichi ndi masabata oyamba a Epulo ndi nthawi yovuta kuiwerenga kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mapira ayamba kucha, thonje layamba kuphulika m'nthambi za m'munsi, ena ayamba kale kusuzumira kumadimba, ndipo mtima umati dzinja lapita. Koma sabata imodzi yomweyo itha kubweretsa mvula yogwa usiku ndi usana, chifunga chophimba dambo lonse m'mamawa, kenako masiku anayi adzuwa loswa mtengo. Tsiku lililonse mwa masiku amenewa lili ndi ntchito yake, ndipo wosokoneza ndondomekoyi amataya zomwe wazikhetsera thukuta kuyambira Disembala.

Madzi osefukira a mu 2019, omwe anabwera ndi mvula imene inadzasanduka namondwe wa Idai, anafika kumayambiriro kwa Malichi. Gombe wa mu 2022, Freddy wa mu 2023 ndi Jude wa mu 2025, onsewa ndi a mu Malichi. Nyengo ya anamondwe panyanja ya India imatsekeka kumapeto kwa Epulo. Tsiku limenelo lisanafike, khutu lisachoke pawailesi.

1. Mverani uthenga wonse, osati gawo la kuchigwa lokha

Nthambi yoona zanyengo imagawa uthenga wake wa tsiku ndi tsiku m'zigawo: chigwa cha Shire, madera okwera a kummwera, chigawo chapakati, m'mbali mwa nyanja ndi kumpoto. Ambiri akamva kuti kuchigwa kukhala kotentha ndi mitambo yapatalipatali, amatseka wailesi n'kupita kukamanga ng'ombe pangolo. Pamenepo ndi pamene pamayambira vuto. Madzi omwe amatikokolola kawirikawiri sagwa kuno. Malo ambiri m'chigwa chino amalandira mamilimita 600 mpaka 800 pachaka, pomwe mbali zina za phiri la Mulanje zimaposa 2,000. Chigwa chathu chili ngati beseni lotchera pansi pa denga lamalata: denga ndi Mulanje, Thyolo, Blantyre, Neno ndi Mwanza, ndipo chilichonse chogwa kumeneko chimatsikira kwa ife.

Choncho yambani mwadziwa mtsinje umene uli pafupi ndi nyumba yanu, munda wanu ndi khola lanu, ndiponso komwe umachokera. Ruo amachokera ku Mulanje, amatola madzi a Thuchila ndi mitsinje ina, n'kudzathira mu Shire pa Chiromo. Akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kulowa m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi ya ku Makhanga. Mu 2015 anafika posiya njira yake n'kudzitsegulira ina. Anthu a ku East Bank, amene ali m'mbali mwa Livunzu ndi Maperera, amvetsere za ku Thyolo. Amene ali m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, womwe umadutsa msewu wa M1 pakati pa Chikwawa ndi Nchalo, amvetsere za ku Mwanza. Likhubula amatsika ndi madzi a ku Blantyre. Lalanje ndi Nyamadzere amatsika m'mapiri a kumadzulo, ndipo mtambo wakuda wokhazikika pamapiri amenewo madzulo ndi uthenga kale, ngakhale wailesi isananene.

Mitsinjeyi siyenda liwiro limodzi. Timitsinje tamchenga tochokera m'mapiri apafupi timadzaza m'maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku, ndipo chifukwa choti tinakwiririka ndi mchenga, sitichedwa kutaya madzi m'minda. Ruo ndi Shire amachedwerapo: atha kupitiriza kukwera tsiku lathunthu kapena kuposa, mvula italeka kale kumtunda. Dzuwa likawala mmawa wotsatira sizitanthauza kuti zatha.

Uthenga mutha kuupeza pa MBC, pa Zodiak, pa wailesi za kwathu konkuno monga Nyanthepa ku Nsanje ndi Gaka FM ku Bangula, komanso pa tsamba la Facebook la nthambi ya zanyengo. Mverani kawiri, mmawa ndi madzulo. Uthenga wobwera pa WhatsApp muziyang'ana tsiku lomwe unalembedwa ndi amene anautulutsa, chifukwa machenjezo a zaka zam'mbuyo amabwereranso kuzungulira, ndipo munthu akanamizidwa kawiri sasamukanso tsiku lomwe chenjezo lili loona.

2. Dziwani kulemera kwa manambala

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mamilimita 50 akagwa pa ekala imodzi, ndiye kuti pathiridwa malita oposa 200,000, kapena kuti zigubu za malita 20 zoposa 10,000. Nthaka youma ya mu Novembala imamwa ambiri mwa madzi amenewa. Nthaka ya mu Malichi inakhuta kale, moti pafupifupi onse amathamangira kumtsinje. N'chifukwa chake mvula yomwe simungaiope pobzala ndi yoopsa kumapeto kwa dzinja. Mukamva za mamilimita 50 pa tsiku limodzi kumapiri, khalani tcheru. Mukamva 100 kapena kuposa, kapena kuti mvula igwa masiku awiri atatu osalekeza, yambani kusamutsa zinthu.

Mafoni ena amaonetsa 60% kapena 80%. Nambala imeneyo ikunena za mwayi woti mvula igwe, osati kuchuluka kwake. Tsiku la 80% litha kungowaza, pomwe la 40% litha kugwetsa chimvula chamabingu pamudzi umodzi, mudzi woyandikana nawo fumbi lili koboo. Uthenga wa mawa ndi mkuja ndi wodalirika kwambiri. Wa masiku asanu ndi wokonzera ntchito, koma muziubwereza tsiku lililonse. Wopitirira sabata ungokupatsani chithunzithunzi, musagule mbewu kapena kulemba aganyu pongodalira umenewo.

3. Khalani ndi choyezera chanu

Uthenga wa boma umanena za dera lalikulu. Za pamunda panu mudziwa ndinu. Choyezera mvula mutha kupanga ndi botolo lapulasitiki la malita awiri, losankha lomwe m'mbali mwake ndi mowongoka. Lidule pomwe layambira kuning'a chakukamwa, tembenuzani kamutuko mukalowetse ngati fanulo. Pansi pa botolo si posalala, choncho ikanimo timiyala ndi madzi, kapena simenti pang'ono, mpaka pomwe m'mbali mwayambira kuwongoka, ndipo pamenepo lembani 0. Matani rula kunja kwake kuyambira pa 0. Mangirirani botololo pamtengo wozika, kamwa yake ili pamwamba pa mtengowo ndipo isapendekeke. Likhale pabwalo, kutali ndi nyumba kapena mtengo wamthunzi mtunda wosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho. Werengani 8 koloko mmawa uliwonse, monga amachitira kumalo oyezera a boma, lembani m'kope, khuthulani mpaka pa 0. Chidebe chotambasuka kukamwa n'kuning'a pansi musachigwiritse ntchito, chimaonetsa mvula yambiri kuposa yomwe yagwa.

Kumtsinje, m'madera ena muli zipilala zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi ndi omwe amaziwerenga. Kumene kulibe, zikani ndodo pamphepete penipeni pa madzi, mubwerenso pakatha ola limodzi, muli pamalo okwera. Ndodo ikamira ndipo madzi afiira, akubwera ndi thovu, zinyalala, makungwa a nthochi ndi zipika, ndiye kuti kumtunda kwagwa yambiri ndipo ena akubwera. Liwiro lomwe madzi akukwerera ndi lofunika kuposa pomwe afika. Ntchito yoyang'ana mtsinje usiku isapatsidwe kwa ana, komanso munthu asapite yekha, gombe lonyowa limagumuka popanda chenjezo.

4. Mvula yamphamvu ikalengezedwa

Kukatsala masiku awiri kapena atatu, yambani ndi zolemera, zomwe sizinganyamulidwe mothamanga. Ng'ombe zichoke kudambo ndi kuzilumba za mu Shire kukadali kowala, zipite kumphala kapena kwa achibale a kumtunda. Pampu, mapaipi ndi mapanelo a sola zichoke m'mbali mwa mtsinje. Matumba a chakudya akwere ngolo nthaka isanafewe. Izi n'zofunika kwambiri kwa anthu a m'dothi la makande, monga kozungulira Ngabu: likangonyowa limamata mateyala, ng'ombe zimaterereka, ndipo ngolo yodzaza imatitimira mpaka pa ekiselo. Ntchito ya ola limodzi Lachiwiri imakhala yosatheka Lachinayi.

Kumunda, ngati munatseka mizere kuti isunge madzi, tsegulani mipata, makamaka m'makande momwe madzi amadikha. Thonje ndi chitowe sizipirira madzi oima pamizu masiku angapo. Feteleza wobereketsa musathire, apita ndi madzi. Kupopera mankhwala kuyembekeze. Ngala za mapira zomwe zakhwima kale, ziduleni lero muzikaziyanika pansi pa denga, kusiyana n'kuzisiya kuti zikade ndi chuku m'munda.

Panyumba, chomwe chimagwetsa khoma la zidina si mvula ya pamwamba yokha ayi, koma madzi odikha m'munsi mwake. Njerwa za pansi zimamwa madzi, zimafewa, kenako kulemera kwa pamwamba kumazifinya. Kumbani ngalande yakuya ngati masentimita 30 kuzungulira nyumba, motalikira mita imodzi kuchoka pakhoma, ndipo ikhale ndi kotulukira kumunsi, yosalozetsa kwa anansi. Unjikani dothi lotsendera m'munsi mwa khoma kuti madzi azitsetserekera kunja. Mbali yomwe mphepo ikuwombera, tchingani ndi pepala lapulasitiki kapena mikeka. Denga laudzu limangidwenso, lamalata likhomeredwe pomwe misomali yagwedera. Khoma likanyowa mpaka kufika m'chiuno, likayamba kuonetsa ming'alu yatsopano, kapena chitseko chikayamba kuvuta kutseka, m'nyumbamo musagonemo.

Kukatsala tsiku limodzi, konzani kathumba kamodzi koti munthu anganyamule pamutu. Mukhale zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala a ana ndi amayi oyembekezera, masatifiketi a sukulu, zonse zokulungidwa m'majumbo awiri. Mukhalenso mankhwala omwe wina amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a BP, a shuga ndi a khunyu, komanso neti, tochi, machesi, mchere, ufa wa masiku atatu ndi kampoto. Foni ikhale yodzaza moto, ndipo ndalama zina zikhale mufoni. Mbewu yosungira dimba ithiridwe m'chigubu chouma chotseka bwino, ipite limodzi ndi anthu. Banja lomwe lapulumutsa mbewu limabzala madzi akangophwa, osadikira thandizo.

Gwirizanani pabanja malo okakumana, kaya ndi kusukulu, kutchalitchi kapena kumalo osamukirako omwe mudzi unasankha, ndiponso njira yodzera yosadutsa m'khwawa. Agogo, olumala, odwala ndi amayi omwe masiku awo ayandikira atsogole kudakali masana. Mayi woyembekezera wa miyezi yomaliza ndi bwino akadikirire kuchipatala msewu usanaduke. Mbuzi zotsala zimasulidwe zingwe. Mbuzi yomangirira imafera pachikhomo pomwepo.

Chimkuzamawu, wezulo kapena ng'oma zikalira, nyamukani. Madzi othamanga ofika pakatumba amagwetsa munthu wamkulu, ofika m'mawondo amanyamula njinga yamoto ngakhale galimoto yaing'ono. Pamlatho womwe wamira simungaone ngati mbali ina yadyeka. Ndipo madzi osefukira amabweretsa ng'ona ndi njoka m'malo momwe sizikhala nthawi zonse. Pa mabingu, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo asodzi atuluke pamadzi.

5. Chifunga chili pawiri

Chifunga cha m'dambo chimabwera mvula ikangoleka. Nthaka ndi yonyowa, kumwamba kwayera, mphepo kulibe. Usiku nthaka imazizira, chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho, n'kukhazikika m'malo otsika: mu Elephant Marsh, m'dambo la Ndindi, m'minda ya nzimbe ndi m'mbali mwa Shire. Chimenechi ndi chizindikiro chabwino. Kawirikawiri chimabalalika dzuwa likakwera, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo tsiku limakhala lowala. Chomwe chimafunika ndi kusintha nthawi yogwirira ntchito.

Thonje lisatoledwe mame ali mbuu. Thonje lonyowa likatsenderedwa m'thumba limatenthana, limasanduka lachikasu, ndipo pamsika limatsika giledi. Dikirani mpaka thonjelo likumveka louma m'manja mukaligwira. Tolerani m'matumba a nsalu, osati a feteleza, chifukwa ulusi wa pulasitiki umasakanikirana ndi thonje. Kupopera mankhwala nakonso kudikire masamba aume, apo ayi mankhwala amatsetsereka ndi mame n'kugwera pansi. Nthawi yabwino ndi pamene mame angouma koma dzuwa lisanakalipe, kapena madzulo mphepo itadekha, ndipo pakhale chiyembekezo cha maola angapo opanda mvula.

Chitowe ndi chosiyana. Mame amachithandiza, chifukwa makoko akakhala ofewa sasweka podula. Dulani mmawa pamene masamba ayamba kugwa ndipo makoko a m'munsi asanduka achikasu, mangani timitolo, imikani mitu ili m'mwamba pa lona kapena pamalo otsendera bwino. Kugwedeza kuti njere zituluke ndi ntchito ya masana, makoko atauma n'kuyasama.

Mapira ndi mchewere ndiye zimavutika ndi chifunga cha masiku otsatizana. Ngala zikakhala zonyowa mmawa uliwonse, njere zimachita mawanga akuda kapena ofiirira, ufa wake umanunkha ndipo mbewu yake simera bwino. Mitundu yocha msanga ya njere zoyera ndi imene imagwidwa kwambiri, chifukwa imakhwima mvula isanathe. Tsinani njere ya m'munsi mwa ngala: ikakhala yolimba ndipo pomwe yalumikizana ndi ngala pali kadontho kakuda, yakhwima, palibenso chodikira.

Chifunga china ndi cha m'mapiri. Chimabwera ndi mphepo yachinyezi yochokera kummwera chakummawa, mbali ya ku Mozambique, ndipo chimayamba kuonekera kwambiri dzinja likamatha, polowera nyengo ya chiperoni. Mphepoyi ikagunda mapiri a Thyolo ndi Blantyre imakwera, kuzizira, n'kusanduka mtambo wokhala pansi ndi mvula yowaza. Ichi sichibalalika ndi dzuwa la mmawa, chitha kukhala masiku awiri atatu. Kuno kuchigwa mwina tingoona mitambo ndi kamphepo kozizira, koma zoyanika siziuma msanga. Amene ali ndi ulendo wa ku Blantyre adziwe kuti kuchokera pa Thabwa kukwera zitunda, msewu wokhotakhota uja umakhala woterera ndipo kutsogolo sikuoneka. Yatsani magetsi apansi, chifukwa akutali amangobwerera m'maso mwanu. Potsika gwiritsani giya yotsika m'malo mopondereza mabuleki njira yonse, amatentha n'kuleka kugwira. Musapitirire galimoto ina pakona, ndipo mukaima tulukiranitu mumsewu. Akabaza avale zonyezimira. Amalonda a tomato, nsomba kapena mbuzi, kunyamuka 8 koloko m'malo mwa 4 koloko kumachedwetsa msika, koma n'kwabwino kuposa kukumana ndi lole pakona yosaoneka.

Asodzi ndi owolotsa anthu pabwato, m'chifunga mvuu imaoneka mutaifika kale, ndipo timipata ta m'bango timafanana tonse. Dikirani gombe latsidya lionekere.

6. Masiku ouma: yambani ndi chomwe chingawole

Uthenga ukanena za masiku atatu kapena kuposa opanda mvula, musayambe ndi ntchito yomwe ingadikire, monga kuumba njerwa kapena kukonza mpanda. Tsiku loyamba, nthaka ikadali yofewa, ndi loyanika zomwe zinanyowa: matumba, zofunda, ngala zomwe munadula mvula isanagwe. Lachiwiri ndi lokolola ndi kututa. M'makande musalowetse ngolo kapena khasu dothi likadali kumata, mungoliumbitsa zibuma zomwe zidzakuvuteni chaka chonse.

Yanikani pa lona, pamkeka kapena pathandala, osati padothi. Nthaka ya nthawi ino imatulutsa chinyezi ngakhale pamwamba paoneke pouma, ndipo m'dothimo ndi momwe mumachokera chuku chomwe chimaika poizoni m'chimanga ndi mtedza. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika, amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Chimanga chowola musachisandutse chakudya cha nkhuku kapena mowa, chikwirireni. Mwazani njere mopyapyala, zisapitirire masentimita asanu, muzitembenuza pakatha maola awiri aliwonse. Yanikani mame atauma, longedzani cha m'ma 4 koloko dzuwa lisanafooke, chifukwa njere zogona panja zimamwanso chinyezi chomwe zinataya masana. Musanamange thumba, zisiyeni zizizire pamthunzi. Njere zotentha zimachita thukuta m'thumba.

Chimanga chosunga chiyenera kutsika kufika pa chinyezi cha 13% kapena kucheperapo. Kuluma ndi mano kumathandiza, koma mchere umanena zoona kuposa mano. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo njere kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere womwe mwauumitsa padzuwa kapena pachiwaya. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Mchere wachinyezi kapena botolo lonyowa zimanamiza, choncho ziwirizi muziyamba mwaziona.

Zikauma, mwina muthire mankhwala oteteza kwa anankafumbwe motsatira muyeso wolembedwa pa botolo lake, kapena mugwiritse matumba a PICS. Matumba amenewa ali ndi mapepala awiri mkati ndi thumba lakunja. Finyani mpweya, mangani pepala lililonse palokha, ndipo musaike njere zosauma, chifukwa m'thumba losalowa mpweya zimawola msanga kuposa m'thumba wamba. Sanjikani pa mitengo kapena njerwa, motalikira khoma. Amene nyumba zawo madzi anafikamo m'zaka zapitazi, gawo lina la chakudya likasungidwe kumtunda mpaka Epulo atatha.

Kwa amene anabzala mochedwa, masiku ouma ndi chiopsezo. Chimanga chomwe chikumasula ngaiyaye ndi kutulutsa ndevu chikasowa madzi sabata imodzi m'kutentha kwa kuno, zitsononkho zimakhala ndi njere zapatalipatali. Musapalire mozama kapena kubandira nthawi yotere, mumangotsegula nthaka kuti iume. Zulani udzu ndi manja, muugoneke m'mizere, ndipo tsekaninso mipata ija kuti kamvula kotsatira kasathawe. Mbozi za ntchemberezandonda zimalusa dzuwa likawala: yenderani munda kawiri pasabata, muzisuzumira m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe zimasiya zitosi zonga utuchi.

7. Madzi akumwa ndi ziweto

Chitsime chomwe madzi osefukira analowamo, ngakhale mjigo womwe unamira, zadetsedwa ndi zimbudzi zogumuka. Mliri waukulu wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unayamba pambuyo pa namondwe wa Ana. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, kapena thirani klorini yemwe alangizi a zaumoyo amagawa, pa muyeso womwe akuuzani, n'kudikira mphindi 30. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu, klorini sagwira bwino m'matope. Wotsegula m'mimba amwe Thanzi ORS ali pa ulendo wa kuchipatala. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Udzudzu umachuluka m'zithaphwi pakatha sabata imodzi kapena awiri, choncho neti ipachikidwe ngakhale muli kumalo osamukirako.

Ziweto zoima m'matope zimawola ziboda. Chotsani ndowe zonyowa m'khola, thirani mchenga kapena sunthirani khola pouma. Mbuzi zimakhala bwino m'khola la m'mwamba. Nkhupakupa ndi njoka za m'mimba zimachuluka nthawi yomweyi, makamaka pa ng'ombe zodya m'dambo, ndipo mlangizi wa ziweto ndi amene angakuuzeni mankhwala ndi muyeso wolingana ndi kulemera kwa chiweto. Nyama ya chiweto chofera m'madzi isadyedwe.

8. Kulowa m'dimba

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaluza mbewu chifukwa cha changu. Madzi akaphwa, dimba limaoneka lokongola, matope atsopano ali bii, ndipo aliyense amafuna kutsogola kuti adzagulitse chimanga chachiwisi mitengo ili pamwamba. Koma Shire atha kubweranso. Musathire mbewu yonse tsiku limodzi mu Malichi. Igaweni patatu: gawo loyamba pamalo okwererapo pomwe madzi anayambira kuchoka, lachiwiri pakatha masabata awiri motsatira madzi, lachitatu kumunsi kwenikweni kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Madzi akabwerera atenga gawo limodzi, osati zonse.

Musanabzale, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mulisiye ola limodzi. Likadzaza madzi, nthawi sinakwane, mbewu iwola. Tapani dothi la pansi pa dzenjelo mulifinye m'manja: likatuluka madzi kapena kumata ngati phala, dikirani. Likaumbika koma n'kusweka mukaligunda ndi chala, bzalani. Dzenje lomwelo likuonetsani chomwe mtsinje wasiya. Matope ndi chonde. Mchenga wochepa usakanizeni ndi dothi la pansi. Ukakhala wochuluka, kumbani mapando akuya mpaka mufike padothi lenileni, muthire manyowa owola bwino, mubzale m'menemo, chifukwa mbewu yobzala pamchenga imamera bwino koma imafota pakatha masabata awiri.

Sankhani chimanga chocha msanga, monga Kanyani, kuti chikhwime chinyezi chisanatsike kutali ndi mizu. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, ndipo ekala imafuna pafupifupi makilogalamu 10. Mbatata imachita bwino pomwe pali mchenga wosakanikirana: dulani nsonga za mphukira zotalika masentimita 30 kuchokera ku mbewu yopanda matenda, monga Kadyaubwerere kapena Chipika, kwirirani magawo awiri mwa atatu, motalikirana masentimita 30. Nyemba zimadana ndi kutentha, zidikire kuzizira kwa mu Meyi. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje musalime, siyani bango ndi nsenjere zigwire gombe. Ndipo ngati dimba lili pafupi ndi madzi akuya, tungani madzi ndi chidebe chomangirira kundodo yaitali, musinthesinthe malo otungira, chifukwa ng'ona imaloweza pomwe munthu amafika nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse.